Amagona Mbali Iti ya Bedi

Kalata yotiitana ku intavyu inafika mwana ali ndi miyezi iwiri ndi sabata imodzi. Ndinaipeza m'kabokosi kathu ka makalata pansi pa masitepe, kuno ku Ongar, ndinaiwerenga katatu nditaimirira pomwepo mwana ali kumsana, koma zimene ndinamva ndi zitatu basi, tsiku, nthawi, ndi kuti tipite tonse awiri. Zina zonse anandiwerengera ndi bambo a mwana atabwera ku ntchito. Anati aboma akufuna atione ndi maso, atifunse aliyense payekha, kuti adziwe ngati ukwati wathu ndi weniweni kapena ndi wongofunira mapepala.

Ukwati wa mwana kumsana, ati wongofunira mapepala. Ndinakhala pansi osavula ndi nsapato zomwe.

Ine ku Dublin ndinabwera kudzalera ana a msuweni wanga, amene anali pa sukulu ndi amuna ake. Iwo atamaliza anabwerera ku Malawi, ine ndinatsala, chidindo cha m'pasipoti mwanga chinatha masiku, ndipo kuyambira pamenepo ndikangoona galimoto ya polisi ndinkakhotera njira ina. Bambo a mwana ndinakumana nawo ku mapemphero a anthu akwathu ku Clondalkin. Iwo anabwera kale kwambiri ngati othawa kwawo, anakhala zaka m'hositelo, kenako anapeza pasipoti ya kuno, ndipo amagwira ntchito yosamalira okalamba. Tinakwatirana ku ofesi, chinkhoswe anachitira kumudzi ife tikuonera pa foni. Ndiye m'nyumba mwathu mwana anali wa kuno, bambo ake a kuno, wopanda pepala ndinali ine ndekha. Aboma akanakana ukwatiwo wokwera ndege ndinali ine, ndipo za mwana palibe ankandiuza chenicheni. Azimayi a ku mapemphero aliyense ankanena zake, wina akuti mayi wa mwana wa kuno samuthamangitsa, wina akuti iye akudziwa wina amene anamukweza ndege bere likuchucha mkaka. Ine ndinkangomva za bere lochuchalo.

Bambo a mwana anafunsa anzawo amene anadutsamo kale, n'kubwera ndi mafunso atawalemba kuseri kwa pepala la mashifiti a ku ntchito. Kwa masabata atatu ankandifunsa ngati mayeso a Sitandade eyiti amene ine sindinalembe. Mswachi wawo ndi wa mtundu wanji? Wobiriwira. Amakwera basi yanji popita ku ntchito? Mabini a zinyalala timatulutsa tsiku liti? Tinakumana kuti, anavala chiyani? Tiyi amathira shuga masipuni angati? Pa dzina lawo m'pamene ndinkavutika, chifukwa chikwatiranireni ndinali ndisanalitchulepo ndi pakamwa panga. Kwathu mwamuna wako sumuitana dzina ngati ukuitana mwana wotuma. Anandikakamiza kulitchula kakhumi nditaima pa sinki, iwo ali khwekhwekhwe kuseka.

"Bwerezaninso, mayi a mwana, mokweza. Mukulinong'ona ngati ndi la munthu amene anakuberani mbuzi."

Koma tsiku ndi tsiku ndinkaona chala chawo chikudumpha mzere umodzi pa pepalapo, wa pansi pa funso la shuga. Chikafika pamenepo chinkangodutsa. Nditafunsa anati limenelo ndi lopanda pake, sangafunse anthu olemekezeka. Ndinawakhulupirira. Pepalalo ankalipinda n'kuliika m'thumba la yunifomu.

Apa ndiyenera kunena za mmene tinkagonera nthawi imeneyo, ngakhale kulemba kwake kukundichititsa manyazi mpaka lero. Mwana wathu anabadwa masiku asanakwane. Anakhala masabata awiri m'kabokosi ka galasi ku chipatala, timachubu m'mphuno, kadzanja kake konse kosadzaza chala changa chachikulu. Titatuluka naye apongozi anandiimbira foni, anati mwana wotere salowa kumphasa msanga, tidikire miyezi isanu ndi umodzi, bambo ake agone kwina, ndipo mchere m'ndiwo ndisamathire ine kufikira tsikulo. Amayi anga ananenanso zomwezo osapanganika. Anthu ena amaseka za tsempho, aseke, koma ine ndinanyamulapo mwana wa mkulu wanga atatupa masaya ndi mapazi, tsitsi litafiira, akutsokomola kosalekeza, ndipo tinakamuika ine ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Wanga ameneyu sindinafune kumuyesera.

Ndiye bambo a mwana ankagona pa sofa pa balaza. Ndi aatali, sofayo ndi yaifupi, moti miyendo ankaitsamiritsa pa mpando wa patebulo. Hafu faifi m'mawa ankapinda bulangete lawo lofiira n'kulilonga kuseri kwa sofa. Ndikaphika ndinkawasiyira ndiwo pa moto, iwo n'kubwera ndi kabotolo ka mchere, kumudzi akanathira mwana wa oyandikana nawo koma kuno mwana wa eni ungamuitane bwanji. Zonsezi ine ndi iwo sitinakhalepo pansi kuzikambirana. Ine anandiuza apongozi, iwo anawauza amalume awo, basi aliyense anadziwa malo ake. Nkhani zimenezi mwamuna ndi mkazi sakamba masana akuyang'anana.

Tsiku la intavyu kunali kamvula kaja kosaoneka koma konyowetsa. Tinakwera basi ya m'mawa kupita m'tauni, titatenga pulamu yokankhira mwana, chikwama cha matewera, ndi faelo yaikulu yodzaza makalata a nyumba, a magetsi, a chipatala, ndi zithunzi zimene tinakajambulitsa dala ku paki titavala za pa Sande. M'chipinda chodikirira munali mabanja ena anayi. Ndinawayang'ana onse mmodzimmodzi. Ena anakolekerana manja, mtsikana wina anagoneka mutu pa phewa la mzungu wake, wina ankamuchotsa mwamuna wake kaulusi pa jekete kamene ine sindinakaone. Bambo a mwana ataona zimenezo anandigwira dzanja, koyamba pa gulu chidziwiranireni. Dzanja lawo linali lonyowa ngati nsomba. Tinakhala choncho titauma, ngati anthu amene awamanga unyolo umodzi.

Anayamba kuitana iwo. Anakhalitsa, mwana anayamwa, anagona, anadzuka. Atatuluka aboma sanatilole kulankhulana, anawakhazika mpando wakutali, ine n'kulowa ndi mwana m'manja.

M'katimo munali tebulo, jagi ya madzi, ndi mayi wachizungu wa tsitsi lalifupi la imvi ali pa kompyuta. Pambali pake panali womasulira, bambo wa kwathu wamagalasi, wa msinkhu wa bambo anga ondibereka. Anandipatsa moni wabwino, anafunsa kumudzi n'kuti, mwana ali ndi miyezi ingati, anati iwo akuchita maphunziro apamwamba ku yunivesite ndipo amakhala ku Rathmines. Mtima unayamba kukhala pansi. Mayi uja ananena kudzera mwa iwo kuti ndiyankhe zoona zokhazokha, bodza limodzi likhoza kugwetsa pempho lonse. Ndinati ndamva.

Mafunso anayamba kubwera, ambiri omwe aja a kuseri kwa pepala. Mswachi, basi, mabini. Dzina ndinalitchula osagwa. Womasulira anandinong'oneza kuti ndiziwayang'ana mayiwo m'maso, kuno ukayang'ana pansi amati ukubisa kanthu, ndiye ndinatong'ola maso pa munthu wamkulu ngati mwana wopanda mwambo, misozi ili pafupi. Anafunsa kuti dzulo madzulo tinadya chiyani, anaphika ndani. Ndinati mpunga, nkhuku ndi kabichi, ndinaphika ine koma mchere anathira ndi iwo. Mayi uja anadzutsa mutu pang'ono n'kulemba.

Kenako anafunsa funso lina lalifupi. Womasulira anatsokomola, anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi, akuyang'ana khoma.

"Pepani mayi, akufunsa kuti abambo amagona mbali iti ya bedi. Ya kuwindo kapena ya kukhomo."

Pomwepo ndinadziwa mzere uja umene chala chinkadumpha. Ndinaganiza zonama, ndisabise, ndinaganiza ndithu. Koma mbali ndi ziwiri, ndikanatchula iti, iwo atchula iti? Ndiponso bambo wamkulu wa kwathu anali atangondifunsa miyezi ya mwana, amadziwa kuwerenga, ndikanati bwanji pamaso pawo kuti tikugona bedi limodzi kakhanda kali ndi miyezi itatu? Ndiponso mayi uja anali atanena yekha kuti bodza limodzi basi. Zonsezi zinadutsa m'mutu nthawi imodzi, mwana akundikoka kolala.

"Sagona pa bedi. Amagona pa sofa pa balaza."

Womasulira anandiyang'ana koyamba m'maso. Anafunsa chapansipansi ngati ndaganiza bwino. Mayi uja anafuna kudziwa zimene andiuza, iwo anapepesa, kenako anamasulira yankho langa. Zala zinasiya kugogoda kompyuta. Mafunso anayamba kugwa motsatizana, kuyambira liti, chifukwa chiyani, mwakangana, kodi amakhaladi m'nyumbamo kapena amangobwera. Kenako anatembenuza pepala n'kuwerenga kuti amuna anga anena kuti amagona mbali ya kuwindo masiku onse, mwana amagona m'kabedi kake pambali. Anati mmodzi wa ife sakunena zoona, ndipo akufuna adziwe kuti ndi ndani.

Ndinayamba kufotokoza, mawu akuthamangitsana, za kabokosi ka galasi, za apongozi, za miyezi isanu ndi umodzi, za mwana wa mkulu wanga mmene anatupira, za mchere, zonse, zinthu zimene sindinakambepo ndi mwamuna wanga ndikuzikhuthula pamaso pa mzungu ndi bambo wa eni. Ndinalankhula nthawi yaitali. Womasulira anatembenukira kwa mayi uja n'kunena timawu tochepa tosakwana mpweya umodzi. Chingerezi changa ndi cha Sitandade sikisi koma makutu ndili nawo. Ndinamva liwu la chikhalidwe, ndinamva liwu la kumudzi, ndipo anawanena akumwetulira, kamwetulidwe kopepesa kaja ka munthu amene mwana wake wakodza pa mpando wa eni.

Mantha anachoka, kunabwera china. Moyo wanga wonse sindinayankhepo munthu wamkulu, koma tsiku limenelo pakamwa panatseguka pokha.

"Bambo, inu anakubalani ndi mayi wa dziko liti? Mayi anu ali ndi inu kumsana, bambo anu ankagona pati? Ine ndanena zambiri, inu mwanena ziwiri. Mwana uyu akandilanda mukamuyamwitsa ndinu? Nenani zonse mmene ndanenera."

Mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Sindinadikire womasulira, ndinatembenukira kwa mayi uja ndekha ndi Chingerezi changa chothyokathyoka, manja akuthandiza. Ndinati mwana anabadwa wochepa chonchi. Ndinati bulangete ndi lofiira, lili kuseri kwa sofa panopa, apite akaone. Ndinati miyendo amaika pa mpando, mpandowo ndi umene uli ndi mwendo wogwedera, msana ukuwapweteka, mafuta opaka ndimagula ndine. Ndinati mwamuna wa mapepala sangagone pa sofa miyezi itatu chifukwa cha mwana, angopita kukagona kwawo. Sindikudziwa kuti anamva zingati. Anandithirira madzi m'kapu, kenako anauza womasulira kuti amasulire liwu ndi liwu, ndipo ulendo uno bambo aja analankhula nthawi yaitali, osamwetulira.

Anaitanitsa bambo a mwana. Analowa akuyang'ana ine, ine ndikuyang'ana jagi. Mayi uja sanawauze zimene ndanena, anangowafunsanso kuti usiku wathawu anagona pati, ndipo aganize bwino asanayankhe. Anaima pamenepo munthu wamtali, wa pasipoti ya kuno, amene amanyamula okalamba a eni tsiku ndi tsiku, akupotokola chipewa ngati mwana wa sukulu. Anati pa sofa. Anawafunsa mtundu wa bulangete, anati lofiira. Kumene limakhala masana, anati kuseri kwa sofa. Anawafunsa chifukwa chimene ananamira, anati anaopa kuti akanena zoona aziti si banja, komanso nkhani yake ndi yochititsa manyazi. Mayi uja anabwerera m'mbuyo pa mapepala ake, anaima penapake ndi cholembera, n'kufunsa kuti n'chifukwa chiyani onse awiri, aliyense payekha, tanena za mchere pamene iye anangofunsa wophika. Bambo a mwana anayang'ana pansi n'kunena kuti ndi nkhani yomweyo.

Sanatiuze kuti tapambana kapena talephera. Anati alemba kuti mwamuna anapereka yankho labodza n'kulikonza pambuyo pake, yankho lidzabwera pa kalata, ndipo mwina anthu adzabwera kudzaona nyumba osatichenjeza.

Panja pa chitseko womasulira anatipeza ndikumanga mwana m'pulamu. Anapepesa, anati ntchito yawo ndi yovuta, azungu zinthu zimenezi samva. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti iwonso, pa ana awo onse atatu, anagona pa mkeka m'chipinda cha alendo. Anayesa kuti ndiseka. Ine m'pamene ndinapsa mtima kwenikweni. Ndinawafunsa kuti nanga m'kati muja amamwetulira chiyani. Anavala magalasi n'kupita kukaitana banja lotsatira.

M'basi sitinalankhulane mpaka titadutsa Blanchardstown. Ndinayamba ndine. Ndinawafunsa chifukwa chimene anandiphunzitsira za mabini masabata atatu n'kusiya funso limene likanandikweza ndege. Anati ankaganiza kuti ndidziwa ndekha chonena, mkazi aliyense amadziwa mbali ya mwamuna wake, kale lonse mwana asanabadwe ankagona kuwindo. Ndinati nanga ndikanadziwa bwanji kuti tikunama, munandiuza? Anati akanayamba bwanji nkhani yotero. Ndinati dzina lanu munandikakamiza kulitchula kakhumi pa sinki, apo manyazi panalibe chifukwa anali anga. Mayi wina wachikulire pa mpando wakutsogolo anatembenuka n'kumuseketsa mwana, ife tonse tinamwetulira ngati banja labwino, atatembenuka nkhope zinabwerera mwakale.

Titafika kunyumba anabwera ndi nzeru zina. Anati popeza anthu aja akhoza kubwera tsiku lililonse, bwanji timulowetse mwana kumphasa sabata yomweyo, zithe, miyezi itatu yakwana, ena amachita pa masabata sikisi. Kapena bulangete lizikhala ku chipinda masana, pilo wawo akhale pa bedi, obwerawo aone ngati anthu. Ndinawayang'ana. Munthu amene bodza lake linali litangolembedwa m'kompyuta ya boma m'mawa womwewo, akufuna tiyale lina.

"Bambo a mwana, bulangete likhala pamene ndawauza kuti lili. Akabwera akalipeza kuseri kwa sofa. Ndipo mwanayu miyezi yake sachepetsa ndi boma, silinamubale."

Ananena kuti ndikuika pepala langa pachiswe. Ndinati ndikudziwa. Ndinkadziwadi, koma pakati pa ndege ndi mwana wotupa masaya ndinali nditasankha kale.

Masabata amene anatsatira ndinkakhala pa windo. Galimoto iliyonse yachilendo ikaima pansi, anthu awiri ovala majekete akatsika, ndinkanyamula mwana n'kuima pakati pa balaza. Belu likalira ndinkayamba ndayang'ana kuseri kwa sofa. Anabwera a magetsi, anabwera nesi woyeza mwana, anabwera ena olalikira. Aboma sanabwere. M'mawa uliwonse ndinkatsika masitepe kukatsegula kabokosi, kubwerera, kutsikanso masana ngati kuti wa makalata amadutsa kawiri. Ku mapemphero nkhani inali itafika kale, sindikudziwa kuti inadzera kwa ndani. Azimayi ena anati ndinapusa, kuno ndi ku Ulaya, funso limenelo aliyense amayankha kuti kuwindo. Omwewo ana awo ali ndi timikuzi m'chiuno pansi pa matewera, ndinawaona ndi maso anga posintha.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti penapake m'tauni muno, m'kompyuta ya anthu osandidziwa, munalembedwa pamene mwamuna wanga ankagona, ndi chifukwa chake, ndi za mwana wa mkulu wanga amene tinamuika. Amayi anga ondibereka sanandifunsepo funso limenelo. Mtsikana uja wogoneka mutu pa phewa mwina anangoti kukhomo n'kutuluka, kaya ukwati wake unali wotani. Ife amene tinkadzimana chifukwa cha mwana ndi amene tinaoneka akuba.

Kalata inafika Lachinayi, mwana ali ndi miyezi isanu ndi masabata atatu, atanenepa mpaka timikono kuchita mapindi. Sindinaitsegule. Ndinaiika pa tebulo n'kuitsamiritsa ndi kapu, ndinaphika, ndinachapa, ndinaiyang'ana, mpaka bambo a mwana anabwera foro koloko. Anaiwerenga ataimirira, jekete lili m'thupi. Anati andilola kukhala, ndipite ndikajambulitse khadi, ndikhozanso kugwira ntchito. Ndinawauza kuti awerengenso pang'onopang'ono, ndipo aloze ndi chala mzere uliwonse osadumpha. Anawerenga. Ndinakhala pa mpando wogwedera uja mwana ndili naye pa chifuwa, ndinamufinya mpaka anadandaula.

Patapita kanthawi bambo a mwana anayang'ana sofa, anayang'ana ine, anagwira msana wawo mokokomeza ngati nkhalamba za ku ntchito kwawo.

"Ndiye poti boma lavomereza kuti ndine mwamuna wanu, mayi a mwana, bulangeteli lingasamuke?"

"Yatsala sabata imodzi."

Ndiwo zinali pa moto. Ndinatenga kabotolo ka mchere pa shelefu n'kuwapatsa m'manja.